Anjira a Amayi a ku Kampani ya Ndege

Amayi anga anathyola tiyi pa esiteti kuyambira ali namwali mpaka msana utayamba kukana dengu, koma munthu woyamba kuwathirira tiyi m'kapu n'kuwapatsa ndi manja awiri anakamupeza pa bwalo la ndege, m'dziko la eni. Nkhani imeneyi ankaikamba pafupipafupi moti ife ana tinkachita kuwamalizira.

Atasiya ntchito ya pa esiteti, anadzala tiyi wawowawo pa kamunda kathu ku Kapichi, kuno ku Thyolo, n'kulowa m'gulu la alimi ang'onoang'ono. Kenaka azungu ogula tiyi anafuna kuti ku zionetsero zawo za kunja kuzipezeka mlimi weniweni, woti anthu azimuona ndi kumujambula. Gulu linasankha amayi chifukwa zala zawo zinali zothimbirira ndi masamba ndipo pakamwa pawo sipankaopa munthu. Anakwera ndege maulendo angapo motsatizana. Mmodzi wa azungu aja anawalembetsa ku kampani ya ndegeyo ngati munthu woyendayenda, ndipo kampaniyo inawapatsa khadi lonyezimira lolowera mu launji. Launji ndi chipinda chimene anthu opeza bwino amadikiriramo ndege atakhala pa masofa, akudya ndi kumwa osapisa m'thumba.

"Iwe, ndinafunsa kuti mwini nyumba ino ali kuti ndimuthokoze," ankatero amayi. "Akuti palibe. Nyumba yopanda mwini, koma mbale zikungotsukidwa! Ndinati nditsuke kapu yanga, mtsikana wina n'kundilanda ngati ndagwira mpeni."

Maulendo aja anatha mmene anayambira. Azungu anapeza nkhope ina kudziko lina, amayi n'kubwerera kumunda kwawo. Khadi lija analisunga m'kapulasitiki kamodzi ndi khadi la kutchalitchi.

Tsiku limene foni inalira koyamba ndinalipo. Ndimaphunzitsa ku Makwasa, ndipo ndinali nditabwera kudzawaona. Anali mawu a mtsikana.

"Amayi, ndikuimba kuchokera ku kampani ya ndege, ofesi ya ku Blantyre. Takusowanitu kwambiri."

Amayi anaimirira n'kukonza chitenje, ngati kuti munthuyo akuwaona. Kwathu kuno munthu akatumiza mawu akuti wakusowa, ndiye kuti iweyo walakwa, unayenera kukamuona kalekale. Anayamba ndi kupepesa. Mtsikanayo anafotokoza kuti khadi lawo latsala pang'ono kutha, ndipo kuti lipitirire ayenera kukweranso ndege kapena kulipira. Zimenezo zinawadutsa amayi ngati mphepo. Iwo anali atamva kale kalankhulidwe kake, ndipo anamuponyera moni wa Chilomwe. Mtsikana uja anaseka n'kuyankha bwinobwino.

"Kumudzi n'kuti, mwanawe?"

"Ku Mphuka, amayi."

"Ho! Ndiye ndiwe wapompano! Mvula kwanuko yagwa? Amako ali moyo?"

Anacheza mpaka mtsikanayo anachita kupempha kuti adule, mabwana angamukalipire. Asanadule, amayi anamufunsa ngati angalole kukhala anjira awo. Iye anati, "Palibe vuto, amayi."

Kwa amene si wa kuno, chinjira ndi ubwenzi wa amayi awiri osakhala pachibale, amene amasankhana anthu akudziwa. Si zocheza za pa mjigo ayi. Anjira amapatsana mphatso, wina akadwala mnzake amabwera kudzasesa ndi kutunga madzi, ndipo pa ukwati kapena pa maliro, anjira ako amagwira ntchito ngati mwini khomo. Anjira a amayi akale anali atamwalira, ndipo amayi anakhala zaka osasankha wina. Pamenepo ndi pamene ankawalasira alamu awo, akazi a malume, amene anali ndi anjira awiri ndipo ankawatchula ngakhale pogula mchere. Madzulo a tsiku lomwelo mudzi wonse unali utamva kuti amayi apeza anjira a ku ndege.

Ine magazi anawira. Ndinawauza kuti mtsikana ameneyo ali pa ntchito, amaimbira anthu ambirimbiri mawu omwewo, ndipo amalipidwa kuti makasitomala asathawe.

"Nanga onsewo amawayankha Chilomwe?" anafunsa amayi.



Mphatso zinayamba kuyenda. Mkoko wa nthochi, mapeyala, nandolo, ngakhale kalongonda wophikaphika m'kabakuli. Zonsezi ankapatsira kondakitala wina wa minibasi ya ku Limbe, kumuuza kuti akasiye ku ofesi ya ndege, kwa mtsikana wa ku Mphuka. Kondakitala ameneyo ananenepa ife tikuona. Koma ine ndikatero, amayi anali ndi umboni wawo. Nthawi iliyonse foni ikalira n'kufunsidwa za kulipira, iwo ankayankha mwaulemu kuti aganizaganiza kaye. Ndiye kampaniyo, poopa kutaya munthu woyendayenda, inkawaonjezera miyezi ina yaulere.

"Waona?" ankandiuza. "Ndinatumiza nthochi, iwo abweza miyezi. Kupatsa n'kuika, mwana iwe."

Mwa njira imeneyi khadi lija linakhala lamoyo zaka ndithu, mwini wake osapita ngakhale pa Chileka. Ndikukhulupirira kuti m'dziko lonse lino munalibe munthu wina woyendayenda wokhazikika ngati amayi anga.

Foni inkaliranso pa tsiku lawo lobadwa. Tsiku limenelo amayi sankalidziwa, anachita kuwapekera kalaliki wina polemba chiphaso choyendera, ndipo pakhomo pathu palibe amene ankalilabadira. Koma a ku ndege sankaliphonya, ndiye amayi anayamba kumasamba m'mawa n'kuvala chilundu chatsopano kudikira kufuniridwa mafuno abwino. Nthawi zina ankaimba mtsikana wina, mwinanso mwamuna. Amayi ankawalonjera bwino monga abale a anjira, kuwafunsa za kunyumba, kenaka n'kunena kuti, "Basi, ndipatseni mwini wake." Sindikudziwa kuti ku ofesi kuja ankati chiyani, koma pakapita kanthawi mawu a ku Mphuka aja ankamveka.

Abambo anga poyamba ankachita nsanje. Iwo anapuma ntchito ya ulonda pa fakitale ya tiyi, ndipo foni ikalira ankangoti, "Ndege yako ija yatera." Koma chaka china kampaniyo inawonjezera mphatso: amayi akhoza kulowa mu launji ndi mlendo mmodzi. Amayi anaganiza mlungu wathunthu, akazi a malume akuwatumizira mbatata mwakachetechete, mpaka anasankha abambo. Kuyambira pamenepo abambo anasiya chipongwe. Anasititsa jekete lawo n'kulipachika pa msomali, ndipo ankafunsa amayi ngati mu launjimo munthu amavula nsapato.

Abambo anamwalira asanalowemo, ngakhale chilolezo anali nacho. Tinawaveka jekete lomwe lija.

Pa maliro amenewo ndi pamene zoseketsa zinatha. Amayi anandiuza kuti ndiimbire anjira awo, ndiwauze zovutazo. Ndinaimba nambala imene inkawaimbira ija, koma kunayankha makina, akuti dinani wani, dinani thuu, kenaka nyimbo, mpaka mayunitsi anatha. Anjira awiri a akazi a malume anabwera, anatunga madzi, anaphika, aliyense akuwaona. Amayi maso anali ku kanjira kodutsa m'minda ya tiyi. Titabwera kumanda, akazi a malume anati, mokweza ndithu, "Alamu, anjira anu aja ndege yawo yachedwa eti?"

Aka kanali koyamba kuona pakamwa pa amayi patatsekeka, ndipo zinandipweteka kuposa mmene ndinkaganizira. Masiku otsatira anandiuza chimene chinkawadya mumtima. Sankadandaula za abambo, poti abambo anaikidwa mwaulemu. Ankaopa tsiku lawo. Mayi woikidwa popanda anjira wokhala kumutu kwa bokosi lake, anthu amati anali wouma mtima, sanathe kusunga mnzake ngakhale mmodzi.

Foni inadzalira amayi ali pa mkeka ndi azimayi a m'mudzi, akusenda nandolo. Akazi a malume analipo, inenso ndinalipo. Amayi anandipatsa foniyo kuti ndiikweze mawu aliyense amve.

"Amayi, takusowani," anatero mtsikana uja.

"Anjira, khadi lanu lija bwerani mudzatenge. Ine ndatopa."

Ndinadziwa chimene chikubwera, chifukwa mawu amenewa amawaphunzitsa kuntchito.

"Pepani kwambiri, amayi. Inu ndinu ofunika kwa ife. Tingachite chiyani kuti musatisiye?"

Azimayi aja manja anaima m'malichero. M'mudzi mwathu palibe amene anamvapo munthu wa mu ofesi akuchonderera wothyola tiyi. Mtsikanayo anayamba kutchula miyezi yaulere, amayi n'kumudula.

"Miyezi ndili nayo yambiri, yondikwana mpaka kufa. Amuna anga tinaika popanda inu, ndinachita manyazi ngati ndavulidwa. Ndiye ndikufunseni pamaso pa anthu awa. Ine ndikadzafa, mudzabwera?"

Tinkangomva mafoni ena akulira chapatali mu ofesi muja.

"Ndidzabwera, amayi."

Amayi anayang'ana alamu awo, n'kuyambanso kusenda nandolo. Anthu atabalalika ine ndinaphulika. Ndinawauza kuti anthu amenewa saloledwa kuuza kasitomala kuti ayi, ngakhale mutawapempha kuti adzakulimireni munda. Ndinati akuwanamiza ngati mwana, ndipo tsiku lenilenilo anthu adzaseka maliro awo, wochita manyazi adzakhala ine. Amayi anangoti, "Wavomera anthu akumva." Ndinabwerera ku Makwasa osatsanzika bwino.

Zitatero mafoni a anthu anayamba kuchepa. Nthawi zambiri kunkaimba makina olankhula Chingerezi, ndipo amayi ankawamvetsera mpaka amalize, kenaka n'kuwauza kuti akapereke moni kwa anjira. Matenda a mtima anawagwira nyengo yozizira, nkhungu itakuta minda. Sanadwale nthawi yaitali. Anamwalira mwezi womwe khadi lija linkayenera kutha.

M'mawa mwake, tikudikira mchimwene wanga kuti afike kuchokera ku Joni, foni ya amayi inalira m'thumba mwanga. Anali mawu a ku Mphuka aja.

"Amayi, takusowani."

"Amayi amwalira dzulo," ndinakalipa. "Tiika mawa kuno ku Kapichi. Launji yanuyo muzikhalamo nokha, ndipo musadzaimbenso!"

Ndinadula ndisanamve yankho. Akazi a malume anali atayamba kale kunong'oneza anthu kuti kumutu kwa bokosi kulibe munthu.

Tsiku loika, dzuwa litangokwera pang'ono, njinga yamoto ya kabaza inaima kumapeto kwa munda, pamene msewu umathera. Panatsika mayi wina wachitsikana, chitenje atachimanga pamwamba pa siketi ya ku ofesi, nsapato zazitali zili m'manja chifukwa cha matope. Palibe amene ankamudziwa. Anagwada kupereka moni kwa akuluakulu, analowa m'nyumba n'kulira monga mwa mwambo, kenaka anatuluka, anatenga ndowa n'kufunsa kumene kuli mjigo. Atabwerako anatulutsa m'chikwama mphatso yake: shuga ndi bokosi la tiyi wa m'timatumba, uja amamwa mu launji. Munthu kubweretsa tiyi ku Thyolo! Anawiritsa madzi n'kuyamba kupatsa anamfedwa, kapu iliyonse ndi manja awiri.

Akazi a malume analephera kupirira. "Kodi amayi inu ndinu a kuchimuna kapena a kutchalitchi?"

"Ndine anjira awo."

Mawuwo ndinawazindikira asanamalize. Ndinamukokera kuseri kwa khitchini, osadziwa ngati ndikufuna kumukalipira kapena kumugwira miyendo. Anandiuza kuti nthochi zinafikako kamodzi kokha, zitapsa kwambiri, ndipo kalongonda sanamuonepo. Anati kuntchito wanama kuti akudwala, poti palibe tchuthi cha maliro a kasitomala.

"Koma inu simuloledwa kukana," ndinatero. "Ndinawauza amayi. Munangovomera chifukwa ndi ntchito."

"N'zoona, achemwali. Kukana sitiloledwa, ndipo ndikanati ayi tsiku lija akanandiitanitsa kwa mabwana." Anapukuta manja pa chitenje. "Koma ine kwathu ndi ku Mphuka. Ndinkadziwa chimene ndavomera."

Adzukulu atanena kuti nthawi yakwana, tinalowa m'nyumba. Khadi lija ndinaliika m'bokosi pamodzi ndi la kutchalitchi, lisanathe. Akazi a malume anali atakhala kumutu kwa bokosi pofuna kutseka malo opanda munthu aja. Atamuona mtsikanayo akulowa, anasuntha okha, n'kumuyalira mkeka bwinobwino kuti akhalepo.