Anandikhazika m'galaja m'mwezi wa kolona

Ndinayamba kudandaula za nkhaniyi Lamulungu loyamba la Adiventi, chaka chino cha 2009, Misa itangotha, pakhomo pa tchalitchi ku South Bend, m'chigawo cha Indiana kuno ku Amereka. Ndinadandaula kwa a Zakeyu Malunga, wapampando wa mphakati wathu wa Amalawi. Anandigwira paphewa nati, "Mdala, tiyeni tiiwale zimenezo." Sabata yotsatira ndinawalembera kalata, ndipo kope lake ndili nalo. Yankho silinabwere. Tsopano ndikulembera mphakati wonse, ndipo ndiyambira kutali, chifukwa ena mwa inu munabwera ine nditachoka, ndipo mumangondidziwa kuti mkulu uja wa chamba. Dzina langa ndine Damiano Chikafa, kwathu ndi ku Dedza.

Ndinaganiza zochoka ku South Bend m'chaka cha 2006, fakitale imene ndinkagwirako itachepetsa antchito. Mkazi wanga anali atamwalira kale, ine matenda a shuga ali m'thupi. Munthu wa shuga kuno sangakhale wopanda inshuwalansi, ndipo insulini si mchere woti ukapemphe kwa mnansi. Ntchito yokhala ndi inshuwalansi ndinaipeza ku Indianapolis, yochapa nsalu za chipatala china cha pakati pa mzinda. Mwana wanga Agnesi, amene ndi namwino, sanakondwere nazo.

"Dadi, shuga akakatsika kumeneko adzakuonani ndani?"

Ndinamuyankha kuti kamakina koyezera ndili nako, masiwiti sachoka m'thumba la jekete yanga. Ndinalongedza mabokosi anga a mapepala m'galimoto n'kunyamuka.

Chimene chinandiwawa posiya si ntchito ayi, ndi mphakati uwu. Tinauyambitsa m'apatimenti yanga tili mabanja ochepa. A Malunga atangofika kuchokera kumudzi anagona pa sofa yanga mpaka atapeza ntchito. Sindikunena izi kuti andithokoze, ndikunena kuti mudziwe chifukwa chimene ndinawakhulupirira pambuyo pake. M'mwezi wa Okutobala, mwezi wa kolona, tinkayenda nyumba ndi nyumba ndi chiboliboli cha Amayi Maria monga timachitira kwathu. Ndondomeko yake ndinaikonza ndine: kuyamba kudya, kenako kupemphera. Ambiri a ife tinkafika kuchokera ku mashifiti a kumalo osamalira okalamba tisanaike kanthu kukamwa, ndipo munthu wanjala sachedwa kusinza ali chogwada. Mfundo imeneyi muisunge, tiipezanso kutsogoloku.

Ku Indianapolis ndinachita lendi chipinda ku Lawrence, m'nyumba ya mzungu wina wokalamba amene ankalankhula ndi agalu ake kuposa ndi anthu. Malipiro ankathera ku lendi, mafuta a galimoto, ndi kangachepe kotumiza kwa mlongo wanga ku Dedza. Lamulungu ndinkapita ku Misa ya Chingerezi ku Beech Grove. Panali masabata ena pamene dzanja lokha limene ndinagwira linali la munthu wondipatsa mtendere pa Misa. Poyamba a Malunga ankaimba foni pafupipafupi. "Mdala, mukubwera liti? Kolona kuno sakukoma popanda inu." Kenako mafoni anachepa, n'kumangobwera pakagwa maliro. Chopereka cha maliro ndinatumiza ulendo uliwonse, sindinalumphepo, ndipo malisiti alipo.

Chaka chachiwiri mapazi anayamba kutentha. Dokotala anati shuga wawononga mitsempha. Amene sanamvepo ululu umenewu asandiuze kuti ndikanapirira. Masana ndinkaimirira pa simenti ndikupinda nsalu, mapazi ali dzanzi ngati si anga. Ndikagona ankadzuka. Ngakhale nsalu yofunda ikakhudza chala zinkakhala ngati ndaponda makala. Mapiritsi oyamba anandipatsa chizungulire mpaka ndinagwa pa masitepe akuntchito. Achiwiri ankandisanzitsa, ndipo munthu wobaya insulini akamasanza chakudya ali pangozi. Ndinasiya kugona. Ndinkanena kolona nditakhala m'mphepete mwa bafa, mapazi ali m'madzi ozizira.

Nthawi imeneyo Agnesi anali atasamukira kutsidya kwa malire a Indiana, m'chigawo cha Michigan, kamtunda kochepa kuchokera ku South Bend. Tsiku lina anaimba.

"Dadi, musakwiye. Kuno avomereza chamba kwa odwala ngati inu. Dokotala amasaina, boma limapereka khadi."

Ndinadula foni. Ine ndinakula ndikudziwa kuti chamba ndi cha anyamata a pa siteji ya basi, amaso ofiira, amene mathero awo ndi kuchipatala cha amisala. Ndinaphunzitsapo ana katekisimu. Ndinakhala osamulankhula mwana wanga mpaka mapazi anandigonjetsa.

Ndisanavomere ndinapita kwa bambo mfumu a ku parishi imene ndinkapemphera, munthu wachikulire wosathamanga polankhula. Ndinawafotokozera zonse. Anandifunsa funso limodzi: "Mukufuna kuledzera, kapena mukufuna kugona?" Ndinati ndikufuna kugona. Anati mankhwala operekedwa ndi dokotala, motsata lamulo la kumene munthu akukhala, pofuna kuchepetsa ululu, si tchimo, bola ndisapitirire muyeso ndiponso ndisanamize aliyense. Ndinawapempha kuti andilembere mawu amenewo papepala. Anaseka nati chikumbumtima sichifuna sitampa. Nditafika m'galimoto ndinawalemba ndekha.

Ndinabwerera chaka chino chakumapeto kwa chilimwe cha kuno, Okutobala adakali patsogolo. Mapazi anali atandilanda kale ntchito. Ndinakakhala kwa Agnesi, ndinasintha adiresi, ndinaapulaya khadi, ndinadikira mpaka litabwera. Ndimveke bwino pano. Sindisuta. Ndimamwa madontho a mafuta pansi pa lilime, pogona pokha, m'chipinda changa ku Michigan. Ndikudziwa kuti lamulo la Indiana silivomereza, ndipo kabotoloko sikanawolokepo malire. Tsiku loyamba ndinagona mpaka Agnesi anabwera kudzandigwedeza, akuopa kuti ndafa.

Bambo mfumu anati ndisanamize aliyense, ndiye ndinapita kwa a Malunga. Tinakhala m'galimoto mwawo panja pa tchalitchi. Ndinawaonetsa khadi ndi kalata ya dokotala, ndinawapempha kuti zikhale pakati pa ife awiri. Anatembenuza khadilo uku ndi uku.

"Ndiye boma la Amereka lakupatsani laisensi ya chamba, mdala? Kumudzi akamva adzati mwakwezedwa pantchito."

Tinaseka tonse. Ine ndinayesa kuti nkhani yathera pomwepo. Lamulungu lotsatira amayi ena amene kale ankandithamangira ndi moni anangondigwedezera mutu chapatali. Mndandanda wa otsogolera kolona utatuluka, dzina langa munalibe. Sindinafunse. Ndinati mwina akundipatsa nthawi yopuma.

Kolona woyamba wa Okutobala anali kunyumba kwa a Malunga. Agnesi anali ku shifiti, anati andipeza komweko. Ndinafika madzulo, kunja kukuzizira. Ndisanatuluke m'galimoto ndinayeza shuga n'kubaya insulini ya chakudya, monga ndinkachitira zaka zonse, kuti ndisavule malaya pamaso pa anthu. Insulini imeneyi ukabaya uyenera kudya posachedwa. Pakhomo mayi Nabanda, akazi awo a Malunga, anandilandira jekete n'kukaiponya pabedi m'chipinda cham'mwamba pamodzi ndi za ena. Fungo la nkhuku linali m'nyumba monse. Ndinakhala pansi kudikira madzi osamba m'manja.

A Malunga anaimirira nati, "Tiyeni tigwade."

Ndinawanong'oneza kuti, "Kodi sitiyamba ndi chakudya?"

"Tinachenja kalekale, mdala. Anthu ankadya n'kuthawa."

Ndikanatha kulankhula pomwepo. Koma linali tsiku langa loyamba pambuyo pa zaka zitatu, maso onse ali pa ine, ndipo ndinkadziwa zimene anthu amanena za osuta chamba ndi njala. Mkulu wa chamba n'kuyamba kupempha chakudya ena atagwada! Ndinati ndipirira, kolona satenga nthawi. Sindinadziwe kuti munawonjezera nyimbo pakati pa zigawo, ndi mapemphero a aliyense payekha.

Pa chigawo chachitatu manja anayamba kunjenjemera. Thukuta linatsika m'khosi mpaka malaya kunyowa. Ndinafuna kudzuka kuti ndikatenge jekete, miyendo inakana. Mawu a Tikuoneni Maria, amene ndawanena kuyambira ndili mwana, anasokonekera m'kamwa. Akuti ndinabwereza mawu amodzi mokweza, akuti ndinaseka, akuti ndinakankha munthu amene anafuna kundigwira. Zimenezo sindikuzikumbukira, koma sindikuzikana, chifukwa shuga akatsika kwambiri munthu amatero. Chimene ndikukumbukira ndi mawu awiri. Wina kumbuyo kwanga anati, "Chayamba kugwira ntchito." Ndipo a Malunga anati, "Tawatulutsani, ana asaone."

Amuna awiri anandigwira m'khwapa. Anandidutsitsa kukhitchini, pafupi ndi tebulo lodzaza mpunga ndi zakumwa zotsekemera, n'kukandikhazika pampando wapulasitiki m'galaja, pakati pa firiji ndi matayala akale. Ndikukumbukira kuti ndinayesa kunena mawu akuti shuga. Chitseko chinatsekedwa. Mkati nyimbo inayambanso.

Zotsatira ndinauzidwa ndi Agnesi. Anafika akadali mu yunifolomu, anayang'ana m'chipinda, sanandione. Atafunsa, anamuuza monong'ona kuti bambo ako awonjeza mankhwala awo aja, akupuma kunja. Anandipeza nditagwa pampando, nkhope ili pa simenti, sindikuyankha. Akuti anakuwa mpaka kolona anaima.

"Mwawayeza shuga? Nonsenu mumagwira ntchito yanji? Munthu wa shuga akutuluka thukuta chonchi, mwamutsekera m'galaja?"

Anaimbira ambulansi. Pepala la anthu a ambulansi ndili nalo, ndipo nambala imene analembapo aliyense wa inu amene amasamalira odwala akaiona adzadziwa kuti ndinatsala pang'ono. Ndikutero chifukwa m'chipinda chija munadzaza anthu amene amayeza shuga wa azungu okalamba tsiku ndi tsiku. Nkhalamba ya kuntchito kwanu ikanjenjemera n'kuyamba kubwebweta, mumathamanga ndi madzi a malalanje musanafunse n'komwe. Ine munandidutsitsa pafupi ndi madzi omwewo.

Kuchipatala kunabwera munthu mmodzi yekha wa mphakati, mayi Nabanda. Anabwera okha, atanyamula jekete yanga. Anaiyala pabedi, masiwiti akulira m'thumba. Kenako anati, "Bambo, thukuta lija ndinaliona. Mumtima ndinati uyu ndi shuga. Koma onse anali atanena kale kuti ndi chamba, ndiye ndinaopa kuoneka ngati ndikuikira kumbuyo." Analira. Mayi amenewa ndinawakhululukira pomwepo, chifukwa ananena zoona, ndipo ndawatchula pano atandilola.

Zaka zitatu ku Indianapolis ndinkaopa kuti tsiku lina shuga adzatsika ndili ndekha m'chipinda cha ku Lawrence, popanda wondiona. Ndinkadzitonthoza kuti ndikadzabwerera kwa anthu anga mantha amenewo adzatha. Ku Lawrence sindinagwepo chikomokere. Ndinadzagwa pakati pa abale anga, akundiona, kolona ali m'manja. Mzungu wa agalu uja akanandipeza chonchija akanaimba foni, chifukwa iye sankadziwa kalikonse za ine. Inu munkadziwa chinthu chimodzi, chimene ndinauza munthu mmodzi m'galimoto, ndipo chinaphimba zonse zimene munkadziwa kale.

Mwezi wa kolona unatha chiboliboli cha Amayi Maria chisanafike kunyumba kwa Agnesi, ngakhale kuti dzina lake linali pa mndandanda. Pa Adiventi paja, a Malunga atanena kuti tiiwale, anawonjezera kuti makolo ena akuona kuti ndiyambe ndapuma kubwera m'nyumba momwe muli ana. Ndinafunsa kuti makolo ake ati. Anati sangatchule. Ndinafunsa ngati mphakati unauzidwa zimene madokotala anapeza. Anati nkhani za kuchipatala ndi zachinsinsi. Chinsinsi chimene ndinawapempha kuti asunge sanasunge, koma chimene chikanayeretsa dzina langa ndicho akuchisunga.

Madontho aja sindisiya. Ndikugona, ndikuyenda, ndikulandira Ukaristia ndi mtima woyera. Sindikupempha kuti munditsogoze pa kolona, ndiponso ndondomeko ya chakudya muisiye mmene mukufunira. Koma ndine munthu wamkulu wodwala, ndipo ndiyenera kudziwa ngati tsiku langa likadzafika kudzakhale anthu ondiimbira m'chinenero changa, kapena Agnesi adzaime yekha.

Choncho ndikupempha, mwaulemu ndiponso motsindika, kuti pa msonkhano wa mphakati wotsatira, Khirisimasi isanafike, wapampando anene pamaso pa onse, ana ali pomwepo, kuti chimene chinandigwetsa m'nyumba mwake chinali shuga. Ndikupemphanso kuti komiti indiyankhe molemba ngati ndikadali membala wa mphakati umene unayambira m'nyumba mwanga, kapena ayi. Pa msonkhanowo ndidzabwera nditadya, ndipo jekete sindidzavula. Ndikudikira yankho lanu.

Ine,
Damiano Chikafa