Siginecha imene azakhali sanalembe

Azakhali anga ndi atelala. Asoka zaka makumi awiri m'kachipinda kamodzimodzi, pakati pa saluni ndi pokonzera mafoni. Chisiyireni sukulu, ine ndimakhala pomwepo kusokerera mabatani. Ndikulemba izi chifukwa ndikapanda kutero, palibe adzalembe.

Azakhali alibe buku la miyeso. Kasitomala aliyense ali ndi kachingwe kake ka nsalu: mfundo ya m'chiuno, ya pachifuwa, ya kutalika. Anthu ankati ndi luso. Pepala likabwera, ankati, "Magalasi ndaiwala," n'kugogoda khoma, mayi wa saluni n'kubwera kudzawawerengera. Ankaitanana kuti asisi. Chiphaso chawo anapatsa yemweyo kuti akachite fotokope yofunika potenga laisensi ya shopu.

Lolemba lina kunabwera amuna awiri a kampani yobwereketsa ndalama. Mmodzi ankasisita makina osokera ngati ake.

"Mayi, miyezi isanu osabweza. Pakatha masabata awiri, awa tinyamula."

"Ngongole yanji, bambo? Ine ngakhale singano sindikongola!"

Anatulutsa fomu. Nambala ya chiphaso inali yawo, chikole makina awo, pansi siginecha yopindikapindika bwino. Ine ndinaizindikira. Dzanja lomwelo ndi limene linalemba mitengo pakhoma la saluni.

Tinapita kwa loya wothandiza osauka, mayi wotopa, mafailo mpaka pawindo. Anati tikadandaule kupolisi, azakhali alumbire kuti sanasaine, tilembere kampaniyo kuti isakhudze makina, ikakana, kukhoti.

"Koma adzati munasaina ndinu. Talembani dzina lanu apa tifananize."

Azakhali anayamba kufufuza m'chikwama. "Magalasi..."

"Azakhali, ali pamphunopo," ndinatero ine, chitsiru.

Azakhali anasiya kufufuza m'chikwama muja.

"Sinditha kulemba, mwanangu. Ndimadinda chala."

Loya uja anachita kuwala kumaso. Anati umboni woposa umenewo palibe, bola akaunene pamaso pa anthu, ndi mboni.

Masana ake mayi wa saluni analowa, chipeso chili m'manja.

"Asisi, tikambirane ngati anthu. Ndizibweza pang'onopang'ono. Mukapita kukhoti, msewu wonse udziwa. Wakubisirani zaka zonsezi ndani?"

"Inu, asisi," anatero azakhali, phazi lili pa makina. "Mumabisa kuti mudzagulitse bwino."

Azakhali kukhoti anapitadi. Mboni zinali makasitomala awo omwe, atanyamula tizingwe tawo ta mfundo. Azakhali anafunsidwa katatu ngati amatha kulemba, katatu anayankha kuti ayi, mokweza, chifukwa woweruza anati sakumva. Kumbuyo wina anaseka.

Makina alipo. Ngongole inachotsedwa pa dzina lawo. Mlandu wa mayi wa saluni aimitsa kanayi tsopano. Saluni ndi yotsegula, wailesi ikulira, anthu akulukitsa tsitsi ngati kale.

Kuno ndiye kwasintha. Makasitomala amene ankati "Mayi, mukudziwa ndinu" tsopano amalankhula pang'onopang'ono, ngati akuuza mwana. Wina anabwera ndi tepi yake, akuti mfundo zija sazikhulupiriranso. Azakhali anamuyeza ndi tepiyo, atachoka n'kumanga mfundo zawo.

Magalasi anawaponya m'thumba la zidutswa. Pepala likabwera amandipatsa ine, ndikawerenga amati ndibwereze, maso ali pakamwa panga. Chiphaso anachisokera m'kathumba ka mkati mwa diresi. Dzulo ndinawapempha kuti ndikopereko nambala yake pa fomu ya magetsi. Anasomola ulusi, n'kuchigwira okha patsogolo panga, ndi manja awiri, mpaka ndinamaliza.