Zenera lomwe sindinapemphe

Ndimaonetsa kanema ku Lufita, m'nyumba imodzi mwa zitatu za abwana athu a ku Kasungu. Ndi chipinda chamalata chopanda zenera. Masana mumatentha moti malaya amamatirira kumsana, ndipo filimu imodzimodziyo ndimaionetsa kanayi patsiku, ngakhale Lamulungu.

Aliyense amadziwa kuti sindichedwa kupsa mtima, moti ngakhale sukulu ndinasiya nditayambana ndi aphunzitsi. Ndiye Tupokiwe, mnzanga wolowetsa anthu pakhomo, anati, "Abwana akabwera, za zenera ulankhule ndiwe. Pakamwa pako sipaopa munthu."

Ndinalumbira. Sabata yathunthu ndinkayeserera mawu, ndikukalipira mabenchi.

Abwana atafika anaima pakhomo, osalowa n'komwe, akudzikupiza ndi chipewa. "Achimwene, ntchito ikukoma?"

"Tili makora, bwana, zonse zili bwino," ndinatero. "Muno ndi mozizira bwino."

Mozizira! Thukuta likudonthera pa limoti. Ndinawanyamuliranso chikwama mpaka pagalimoto, ndikuseka ngakhale sananene choseketsa.

Zenera palibe mpaka lero. M'mawa uliwonse Tupokiwe amandifunsa mwaulemu ngati ndakumbukira kutenga juzi, ndipo ine, ndi mtima wapachala wonsewu, ndimangowerama n'kulowa.