Mpeni wa Madam ndi Tomato Sosi

Anzanga, lero ndikuuzeni za Grey.

Tinakumana Lamlungu lina m'basi yochokera ku Karama, kuno kudziko la Aluya. Anakhala pambali panga akuseka yekha pa foni. Nditasuzumira ndinaona magazi okhaokha... mayi wovala epuloni akulonga bwana wake mu freezer!

Pa chikwama chake panali kambendera ka Malawi, ndiye ndinalimba mtima.

"Achimwene, mukuseka munthu akuphedwa?"

"Asisi, ndi filimu ya ku France iyi, amanyoza olemera. Taonani, alendo akungodyabe, palibe wazindikira kuti bwana wasowa!"

Ndinaseka mpaka ndinapitirira potsikira panga.

Iye ndi security pa hotelo ina. Ine ndinali nanny kwa madam a ku France komweko, ndikulera kamwana kawo Manon. Off iliyonse tinkaonera mafilimu amenewa, earphone imodzi iye, ina ine. Ndinamukonda ndi mtima wonse, sindibisa.

Madam nawonso ankawakonda mafilimuwa. Ndinkawamva akufa nazo kuseka pabalaza, ine ndikusita.

Tsiku lina Grey anati, "Mtisunge, iwe ungamuposetu mayi wa freezer uja. Tandijambulira ka video, ka ine ndekha."

"Ukaonetsa munthu?"

"Habibi, wokondedwa wanga, ine? Ndikulumbira!"

Chikondi chimapusitsa, anzanga. Madam atapita ku gym ndinavala epuloni, n'kudzipaka tomato sosi, mpeni wa nyama m'manja. Ndinatsegula freezer ndikumwetulira.

"Dinner is ready, madam!"

Ndinamutumizira Grey video ija. Iye anakaiika pa TikTok.

Patatha masiku atatu, mnzawo wa madam anaiona n'kuzindikira khitchini.

Madam anandiitana. Foni ili patebulo, mipeni yonse atatsekera m'kabati.

"Madam, it's a joke... like your films."

"Khalas, it's finished. Pack your things."

Manon anandithamangira akufuula, "Tisu! Tisu!" Madam anamukoka ngati akumuchotsa pamoto. Mwana amene ndinamubereka kumbuyo zaka ziwiri! Sanandilole ngakhale kumutsanzika.

Ndinaimbira Grey ndikulira pa msewu, sutikesi ili pambali.

"Pepa babe, inali yoseketsa kwambiri, sindikanaibisa. Koma waona ma views? Eighty thousand!"

"Grey, andichotsa ntchito. Visa yanga akuikansela."

"Inshallah upeza ina. Yalla, ndapita, ndili pa duty."

Anadula. Sanaimbenso.

Pano ndikugona pa matiresi kwa mnzanga Brenda ku International City. Ndege yanga ndi Lachinayi. Mayi anga sindinawauze, ndiyambira pati?

Chikundiwawa kwambiri ndi ichi: wantchito wa mufilimu akagwira mpeni, madam ankaseka mpaka misozi. Wantchitoyo atakhala ine, sanaseke.

Anzanga, munthu akati "ka ine ndekha", samalani. Video ija ikadali pa TikTok, anthu akusekabe. Ine m'sutikesi ndapezamo sokosi imodzi ya Manon, ndipo ndalephera kuitaya.