Njinga ya Azakhali ndi Injini ya Amalume

Chishalo cha njingayo chinali chokulungidwa ndi kachidutswa ka chitenje chobiriwira, chomwe kuno timati kapulana, komangidwa kunsi ndi mphira. Chinali chotsika kwambiri chifukwa mwini wake, azakhali, akazi a amalume, anali munthu wamfupi. Njingayo inali yakuda, yolemera, ndipo kaliyala yake inali itapindika ndi madengu a tomato ndi kabichi omwe azakhali ankaoda ku malole ochokera ku Angónia n'kumagulitsa m'makomo a ku Matundo. Akamabwera kwathu, limayamba kufika ndi belu, kenako mawu awo, iwo eni ake pambuyo.

Azakhali anamwalira chaka chimene ndinali m'kalasi yachinayi. Anakaikidwa kwawo ku Tsangano. Amalume atabwerako sanakagonenso m'nyumba yomwe ankachita lendi. Anatulukira pakhomo pathu ndi makina awo osokera pamutu pa mnyamata waganyu, sutikesi ya malemu m'manja, ndi njingayo akuikankha. Amayi anawayalira mphasa m'chipinda changa osafunsa kanthu.

Zomwe zinali kubwera aliyense ankazidziwa, ngakhale ine. Mwambo wa kwathu umati mkazi akamwalira katundu wake amabwerera kwa abale ake. Mlongo wa malemu, amene amalume ankawatchula kuti alamu, anali atatumiza uthenga kuti akamaliza kukumba mbatata adzabwera kudzasudzula amalume ndi kutenga zonse: zovala, mapoto, sutikesi ndi njinga. Makamaka njinga. Ku Tsangano njinga yonyamula matumba siiwalidwa m'tauni.

Amalume sanatsutse. Ankangokhala pansi pa mtengo wa msawu, makina osokera atavundikira, mbale ya chakudya ikuzizira pambali pawo. Kunena kuti ikuzizira n'kungozolowera pakamwa. Inali nyengo ija mvula isanagwe, pamene ku Tete ngakhale madzi a m'mtsuko amakhala ngati wina wawaphulira pamoto, ndipo fumbi la malole a malasha limakulowa mpaka m'mano.

Tsiku lina anavundukula makina aja, nasoka suti masiku angapo osadzutsa mutu, napita nayo ku Mpadue. Anabwerako ndi thumba lolemera lonunkha mafuta. Sutiyo anali atasinthanitsa ndi injini ya macheka a munthu wina wogwetsa mitengo amene ankafuna kukwatira. Anaikhutula pakati pa bwalo n'kunena mawu oyamba aatali omwe ndinawamva kuchokera pa maliro: «Njinga ija ikufunika injini.»

Ndiyenera kunena kuti amalume anali telala. Makina okhawo omwe ankawadziwa anali oyendetsa ndi mapazi.

M'mawa mwake anakoka chingwe cha injiniyo. Sindinamvepo phokoso lotero. Linali ngati mavu onse a m'chigwa cha Zambezi awatsekera m'chitini chimodzi. Nkhuku zinathawira kwa aneba ndipo zina sizinabwerenso. Aphunzitsi anga, omwe ankakhala kuseri kwa mpanda wathu wa bango, anabwera atagwira choko kudzadandaula. Anaima, nayang'ana injiniyo, nanjuta, nayang'ananso. Madandaulo aja anathera pomwepo. Nyengo yonseyo akaweruka kusukulu ankadzera kwathu asanavule ngakhale tayi.

«Injini iyi anaipangira kugwetsa mitsanya,» anatero, «osati kunyamula tomato.» Koma anazinena mwa munthu wosilira. Ndi iwo amene anauza amalume kuti akaboola chitini cha utsi injiniyo ipuma bwino. Anachiboola. Inapumadi bwino, ndipo ndi ife amene tinasiya kumvana polankhula.

Nzeru yake inali yotere: injini ikhale pa kaliyala, ndipo kachitsulo kozungulira ka injiniyo kazikhudza tayala lakumbuyo n'kumaliyendetsa. Aphunzitsi anajambula zonsezi pamchenga ndi kamtengo, ndi mivi yosonyeza kozungulira chilichonse. Amalume anayang'anitsitsa chithunzicho, nakankha njinga kupita nayo kwa owotcherera zitsulo a m'mbali mwa msewu. Ine ndinanyamula botolo la gazolina wosakaniza ndi oyilo, ndikuyenda ngati ndanyamula mwana wakhanda. Fungo lake lija, lotsekemera ndi lopweteka mutu, mpaka lero ndikalimva pa njinga yamoto yodutsa ndimatembenuka.

Tsiku loyesa, ana a m'dera lonse anakwera pa mpanda. Amalume anakoka chingwe, nagwira mahandulo, napatsa moto. Njinga inanyamuka ndi mphamvu zonse chobwerera m'mbuyo. Inawasiya amalume ataima ndi manja otambasula, niyenda yokha, nikalowa m'thandala la mbale za amayi.

Chinachitika n'chakuti aphunzitsi anajambula chithunzi chija ataima mbali ino, amalume anachiwonera ali mbali inayo. Aliyense anali wolondola kumene anaima. Anakangana za nkhaniyi mpaka dzuwa kupendeka, mwaulemu waukulu, wina aliyense akupempha kuti cholakwacho chikhale chake.

Amayi anatola mbale zawo zophwanyika n'kunena kuti: «Achimwene, anthu akaferedwa ena amapemphera, ena amamwa mowa. Inu mwasankha kuti mutimalizire mbale.» Ndinkaganiza kuti amayi amadana nayo njingayo. Ndi posachedwa pomwe ndakumbukira kuti botolo la gazolina likatha, m'mawa linkapezeka lodzaza, ndipo amene ankapita kumsika m'mawa anali amayi okha. Iwo anali ataona chimene ine sindinaone: kuti mlongo wawo wayambanso kudya, ataimirira, ndi manja akuda ndi girizi.

Injini anaitembenuza. Kunatsala chopatsira moto, chifukwa munthu sangayendetse njinga dzanja lina lili kumbuyo pa kaliyala. Apa amalume anaganiza okha. Anamasula waya wa buleki ya kumanzere kuchoka ku tayala n'kuulumikiza ku injini. Ukafinya buleki ya kumanja, njinga inkayesa kuima. Ukafinya ya kumanzere, inkauluka. «Dzanja linazolowera kale kufinya pamenepo,» anatero amalume, ndipo aphunzitsi anagwedeza mutu kuvomereza. Ine ndinadzaphunzira ku koleji kuti pali anthu amene ntchito yawo yonse ndi kuletsa maganizo otere. Pabwalo pathu panalibe woteroyo. Pomaliza amalume anasokera kathanki ka gazolina kachovala ka nsalu ya suti, kokhala ndi mabatani.

Ndipo inayenda. Ambuye, inayenda! Amalume anali wamtali, chishalo chili pansi, choncho ankayendetsa ataimirira pa mapedulo, shati ikupepeluka ngati mbendera, nkhope ili duu ngati munthu ali pa mzere wa kuchipatala. Tsiku lina anapitirira chapa, minibasi ya kuno, yodzaza anthu pa msewu wopita ku ponte, mlatho wowolokera m'tauni, ndipo kondakitala anatulutsa thupi lonse pawindo kuti awatukwane bwino. Amayi ogulitsa malambe ankakuwa m'Chinyungwe kuti wamisala wa ku Angónia uja akubwera, ana achotsedwe. Kusukulu ndinasanduka munthu. Ndinauza anzanga kuti mvula ikayamba ndizibwera pa njingayo, ndipo ndinali nditalonjeza kale anthu angapo malo pakati pa ine ndi injini. Chishalo chija chinali pa msinkhu wanga ndendende. Ndinapempha kuti ndikhalepo kamodzi kokha, njinga ili chiimire. Amalume, omwe sankandikaniza kanthu, anakana.

Alamu aja anafika Loweruka masana, atavala jekete la ubweya la kumapiri kwawo, thukuta likuchucha m'makutu. Anabwera ndi mayi wina wachikulire wa kubanja kwawo. Tinayala mphasa pansi pa msawu. Mawu a mwambo analankhulidwa: kuti amalume anasunga bwino mwana wa eni ake, kuti palibe mlandu, kuti tsopano ndi mfulu. Sutikesi inatsegulidwa. Atafika pa duku lina lofiira, bambo wamkulu uja analigwira, akupukuta m'maso ndi chala chachikulu. Ndili mwana ndinkawaona ngati wakuba. Sanali wakuba. Anali munthu amene mlongo wake wafera m'tauni yotentha, kutali ndi kwawo.

Kenako anati: «Nanga njinga ija?»

Amalume anaitulutsa. Alamu anaizungulira.

«Alamu, mwaichita chiyani njinga ya mlongo wanga?»

«Ndaikonza.»

«Inali itawonongeka?»

«Ayi.»

Atauzidwa kuti imayenda yokha, nkhope yawo inasintha. Ndikhulupirira kuti anaona zitunda zonse za ku Tsangano zitagona pansi. Anavula jekete, nalipatsa mayi uja, nakhala pa chishalo. Ndinaona amalume akuyang'ana kumbali.

«Alamu, buleki ya kumanzereyo...»

«Ine mundiphunzitse buleki? Ndakhala ndikutsika mapiri ndi matumba a mbatata inu mukusoka mabatani. Lizani chinthuchi.»

Amalume anayang'ana aphunzitsi. Aphunzitsi anayang'ana kumwamba. Chingwe chinakokedwa.

Kanjira ka kwathu kamatsetsereka pang'ono kulowera kumtsinje. Alamu anapalasa kawiri, njinga inayamba kutsika bwinobwino, ndipo patsogolo panali mbuzi zitagona pakati pa njira monga mbuzi za ku Tete zimachitira. Munthu wodziwa njinga anachita chimene munthu wodziwa njinga amachita. Anafinya mabuleki onse awiri.

Injini inalira ngati yalasidwa. Mbuzi zinabalalika. Alamu ataona kuti liwiro lawonjezeka anafinya kwambiri, ndipo tinamva mawu awo akutalikira, akuitana amayi awo amene anamwalira kalekale. Anadutsa pa ogulitsa malambe, napyola pa zovala zoyanika za aneba natuluka ndi kapulana kumaso. Kumapeto kwa kanjirako kunali mulu wa mchenga wa oumba zidina. Mulungu adalitse munthu amene anauthira pamenepo.

Tinathamanga tonse, amayi patsogolo. Tinawapeza atakhala pamwamba pa mchenga, nsapato imodzi palibe, akulavula. Sanavulale paliponse kupatula pomwe munthu wamkulu amavulala ana akamaseka. Amalume anayamba kudzutsa njinga, kenako anakumbukira n'kudzutsa alamu awo.

Titabwerera pa mphasa, alamu anamwa madzi makapu angapo. Amalume anali atatsamiritsa njinga pa msawu ndipo ankasasa mchenga pa kansalu ka pa chishalo, pang'onopang'ono, ndi nsonga za zala. Alamu anawayang'ana akuchita zimenezo. Kenako anati: «Njinga ya mlongo wanga inali yaulemu. Ichi sindikuchidziwa. Ndikapita nacho kumudzi chikapha anthu, maliro ake adzakhala pa ine. N'chanu, alamu. Mukhale nacho.» Mayi wachikulire uja anavomereza msanga, mwina poopa kuti angamukweze. Alamu anapempha belu lokha. Amalume analimasula n'kulipereka ndi manja awiri.

Ndakhala ndikuganiza za mawu amenewo. Injini ija inkagwira ndi mabawuti ochepa chabe, ndipo mlimi aliyense wa mbatata amadziwa kumasula bawuti. Sindikudziwanso ngati amalume anakonza zonsezi kuyambira tsiku lomwe anasoka suti ija, kapena ankangofuna phokoso loti litseke mutu. Alipo, akusokabe ku Matundo, koma sindinawafunse.

Mkazi wanga anamwalira mvula yapitayi. Sindilemba za iye pano. Pa maliro amalume sanandiuze mawu achitonthozo. Anangoona kuti batani la shati yanga likulendewera, natulutsa singano m'kolala, nalisoka ndili chivalire. Abale ake a mkazi wanga abwera Loweruka likudzali, ndipo ndi anthu abwino. Zovala ndapinda kale. Kalilole wa m'bafa anamukhomera pa msinkhu wake, ndipo ndimameta ndevu nditawerama.

Tsiku lija, alendo a ku Tsangano aja atakwera chapa, ine ndinavina pabwalo. Njinga inali yathu. Ndinali nditayamba kale kusankha amene ndidzamukweze Lolemba. Koma dzuwa lisanalowe ndinapeza amalume atanjuta pansi pa msawu akumasula injini. Anaichotsa, naiika m'thumba lake lija, nabwezera waya wa buleki ku tayala. Anapukuta girizi pa kaliyala mpaka kupindika kwake kuja kunaonekanso. Injiniyo anapatsa aphunzitsi, omwe anakhala nayo zaka zambiri pansi pa bedi akuganiza choti aipangire.

Ndinalira ngati ndamenyedwa. Ndinafunsa chifukwa chake tinavutika nyengo yonse, chifukwa chake mbale za amayi zinafa, ndikanena chiyani kusukulu. Amayi anandikoka khutu n'kundiuza kuti ndikatunge madzi. Sindinapite. Ndinaima n'kumaonerera amalume akuyesa njingayo pabwalo, opanda injini, opanda belu, ataimirirabe pa mapedulo, mawondo akugunda mahandulo.

«Amalume,» ndinatero ndikufwenthera, «bwanji osangokweza chishalocho?»

«Chili bwino pomwepo,» anayankha.

Ndinayang'ana bawuti ya pansi pa chishalo. Inali ndi dzimbiri. Apo ndinaona kuti vuto ndalipeza: amalume analibe sipanala yokwana pamenepo, ndipo ankachita manyazi kunena. Ndinalumpha mpanda, ndinakabwereka sipanala kwa aphunzitsi, ndinabwera nayo ndikuthamanga, ndipo ndinaima patsogolo pawo nditaitambasula, ndikudabwa kuti bwanji munthu wamkulu akungoiyang'ana osailandira.