Zotsala n'za Telala

Aliyense amene anakhalapo ku Kawale amawadziwa Abambo Ephraim Kamtema, telala wa pakhonde la golosale yoyang'anizana ndi potunga madzi. Akhala pakhonde limenelo zaka zoposa makumi atatu, tepi pakhosi, choko kukhutu, phazi likupalasa makina akale omwe amalira ngati chigayo chaching'ono. Salankhula zambiri bambowa. Akakuyezani n'kukuuzani kuti mubwere Lachisanu, inu mudzapite Lachiwiri la sabata inayo, ndipo musakwiye chifukwa msoko wawo suthothoka.

Monga atelala onse, a Kamtema ali ndi lamulo lomwe silinalembedwe paliponse: zotsala n'za telala. Mukabweretsa nsalu, diresi ndi lanu, koma tizidutswa togwa pansi pa sizasi timalowa m'thumba lawo. Anthu anazolowera. Munthu mmodzi yekha ndi amene sanaligonjere lamuloli.

Anali mtsikana wa ku Ntcheu, dzina lake Martha. Anabwera pakhondepo kalekale ndi chitenje chobiriwira chojambulidwa nkhanga, kuti amusokere bulauzi. A Kamtema, omwe nthawi imeneyo anali mnyamata wamanyazi, anasowa poyambira kumufunsira. Ndiye anachita zomwe akanatha: anadula mochenjera, nabisa chidutswa chachikulu ndithu, podziwa kuti mtsikana wa maso ngati amenewo abweranso. Anabweradi mawa lake, manja m'chiuno.

"Atelala, zotsala zanga zili kuti?"

Anabwera kufunsa katatu. Kachinayi anapezeka akukambirana za ankhoswe.

Nsalu ya nkhangayo sinabwezedwe, ndipo a Kamtema sanavomere mlandu. Pa zaka zonse za ukwati wawo, zovala za Mayi Martha ankasoka ndi amuna awo, ndipo diresi lililonse likatha, funso linali lomwelo: "Zotsala zanga zili kuti?" Bambo ankangoloza kudenga. Ana anakula akumva amayi awo akuuza alendo kuti anakwatiwa ndi wakuba, wakubayo ali pomwepo akumwa tiyi mwamtendere. Anawo sankadziwa kuti zidutswa za amayiwo sizinkasakanizidwa ndi za anthu ena. Zinali ndi thumba lakelake, kuseri kwa chitseko.

Chakudza sichiimba ng'oma. Chaka chatha, mvula itangoyamba, Mayi Martha anadwala masiku anayi okha n'kutisiya. Anakawaika kwawo ku Ntcheu. Patapita sabata, azichemwali awo anabwera ku Kawale kudzagawa zovala za malemu monga mwa mwambo. Zitenje, maduku, madiresi ngakhale nsapato, zonse zinayalidwa pamphasa. Mkamwini salowerera pa nkhani zotere, choncho a Kamtema anangokhala pampando n'kumaonerera. Achibale anali ambiri, katundu wochepa. Mmodzi anasuzumira m'thumba lakuseri kwa chitseko nati, "Izi ndiye zoyatsira mbaula," n'kulisiya.

Tsiku limenelo Tina, mwana wawo womaliza yemwe amakhala ku Area 49 ndi mwamuna wake, anali m'chipatala. Anali woyembekezera, ndipo magazi anali atathamanga chifukwa cha maliro. Mmodzi mwa azichemwali a malemu analonjeza kumusungira chitenje chimodzi, koma m'chipwirikiti cha ulendo chinakwera nawo basi.

Atatuluka m'chipatala, Tina anafika kunyumba kwa bambo ake, natsegula sutikesi ya amayi ake, n'kupezamo nyuzipepala yoyala pansi basi.

"Ababa, ngakhale kamodzi kokha?" anafunsa. "Amayi anandiuza kuti mwana wanga woyamba adzamufundika ndi nsalu yawo."

A Kamtema zinawapweteka kwambiri, kuposa tsiku la maliro lenilenilo, chifukwa pamaliro anthu amakugwira, koma apa anali okha ndi mwana wawo wopanda kanthu m'manja.

M'mawa mwake anakhuthula thumba lija pamphasa. Munali tizidutswa tokhatokha, tina ngati chikhatho, tina ngati bokosi la machesi, kupatula chidutswa chimodzi chachikulu chomwe chinali pansi penipeni. Kwa telala wodzilemekeza, chigamba ndi chinthu chochititsa manyazi: chimaikidwa pathako la buluku la munthu amene zamuvuta. Moyo wawo wonse a Kamtema anaphunzira kubisa zigamba kuti zisaoneke. Tsopano anafunika kusoka chinthu cha zigamba zokhazokha.

Anawathandiza maganizo ndi Mayi Mwanabibi, oyandikana nawo nyumba, omwe kwawo ku Mangochi anakula akuona amayi awo akulumikiza zidutswa kukhala chofunda. Anawapeza bambowo atagwira tsaya pakati pa mulu wa nsalu.

"A Kamtema, musadule ngati mukusoka malaya," anatero. "Dulani timabokosi tofanana. Mulumikize mizeremizere, kenako mizereyo muiphatikize. Pakati muike bulangete lopepuka, kunsi nsalu yofewa yoti isamukande mwana. Koma chapani kaye, zina zimasuluka."

"Sizioneka ngati za amphawi?"

"Mwana wakhanda amadziwa za amphawi? Iye amadziwa kufunda."

Anayamba. Anachapa zidutswa zonse n'kuziyanika pachingwe, anthu odutsa n'kumafunsana ngati a Kamtema zawasokonekera. Anasita kamodzikamodzi, nadula ndi katoni yomwe anaisandutsa muyeso. Makasitomala omwe anauzidwa za Lachisanu anadikira mpaka mwezi unatha. Maso nawo anali atayamba kuchita chifunga, moti kulowetsa ulusi pasingano kunkatenga nthawi yoti munthu n'kuphika tiyi. Mizere iwiri anaisoka mokhota, naiphwasula. Tina anali atatsala ndi masabata asanu, kenako atatu.

Ntchito sinkafulumira pa chifukwa chinanso. Chidutswa chilichonse chinkawaimitsa. Chofiirira ichi, diresi la tsiku lomwe anabatiza mwana woyamba. Chamaluwa achikasu ichi, yunifolomu ya paukwati wa Tina. Chakuda chamadontho ichi, chaka chomwe nyumba inagwa khoma ndi mvula, Martha n'kuseka m'malo molira. Phazi linkaima lokha pamakina, mpaka Mayi Mwanabibi akuwe ali kumpanda kuti, "Sindikumva phokoso kumeneko!"

Chidutswa chachikulu chija sanachidule. Anachiika pakati penipeni, zinazo n'kuchizungulira.

Mwana anabadwa Lachitatu, wamkazi, chofunda chitatsala mpendero. Ulendo uno a Kamtema sananene za Lachisanu kwa wina aliyense. Anapinda mpenderowo tsiku lomwelo, ndipo tsiku lomwe Tina anatuluka m'chipatala anakwera minibasi ya ku Area 49, jumbo ili pamiyendo.

Anamupeza Tina atakhala pamatiresi pabalaza, khanda lili m'shawelo yatsopano ya m'sitolo. Anachita manyazi ndi jumbo yawo. Anapereka moni, nafunsa za mwana, nafunsanso za mwana kachiwiri. Kenako anangoitula pansi.

Tina anatambasula chofundacho pamiyendo. Chala chake chinayamba kuyenda pa timabokosi tija, chikuima apa, chikuima apo. Chitafika pakati chinaima ndithu. Nsalu imeneyo anali asanaionepo ndi maso, koma anaimva kambirimbiri kuyambira ali mwana: yobiriwira, yankhanga.

"Ababa!" anakuwa, akuseka misozi ili mbwembwembwe. "Ndiye kuti amayi sankanama?"

"Sankanama," anatero a Kamtema. "Ndinaba."

Anamuchotsa mwanayo m'shawelo ndi manja awo okhakhala aja, namugoneka pa nkhangazo, n'kupinda ngodya zonse bwinobwino ngati mmene amapindira diresi lomwe mwini wake wabwera kudzatenga.

"Martha," anatero motsitsa, osayang'ana aliyense, "zotsala zako ndi izi."