Wazimitsa Ukwati, Kapena Waukankhira Kutsogolo?

Loweruka anandiitana msangamsanga ku Ntengo-Wambalame. Ndinapeza Rozinya, mwana wa mlongo wanga, akulira kuseri kwa nkhokwe. Nkhoswe yake ndine, ndipo chinkhoswe chake chimayenera kuchitika mwezi wamawa.

Mlandu wake? Mawu awiri. Bwenzi lake Fernando, amene amagwira ntchito ku Joni, anatumiza uthenga wa mawu pafoni. Moni ndi zonse m'Chichewa, koma pofika penipenipo anati: "Chinkhoswe chija tichite put off." Kumuimbira, rede ya foni palibe.

Bambo ake a Rozinya, alamu anga, anagwirapo ntchito m'minda ya fodya ku Malawi. Sanakayike.

"Alamu, mawu amenewo ndimawadziwa ine. Kapitawo ankati 'put off nyali', ife n'kuzimitsa. Mnyamata uyu wazimitsa ukwati!"

Ine ndinaphunzira m'Chipwitikizi, Chingelezi ndinangochinunkhiza. Ndinakwera mota, njinga yamoto ija, kukafunsa apulofesora a Chingelezi. Ndinkafuna tanthauzo limodzi. Anandipatsa atatu.

"Loyamba ndi kukankhira chinthu kutsogolo, adiar ija ya m'Chipwitikizi. Amatinso postpone kapena delay. Lachiwiri ndi kunyansitsa munthu, monga limachitira fungo la nyama yovunda. Lozimitsa nyalilo anthu amanenadi, koma mabuku salikonda."

"Nanga kuthetseratu?"

"Ameneyo ndi call off. Mwamvetsetsa kuti sananene call?"

Ndinabwerera mutu utazungulira kuposa popita. Kandimverere adakanena za m'maluwa, choncho tinamvetseranso tonse uthengawo, galimoto za ku Joni zikusokosa kumbuyo. Mlongo wanga anamva put. Alamu tsopano anamva call. Rozinya anatola tanthauzo lachiwiri lija.

"Atsibweni, ndiye kuti ndamunyansa?"



Kodi n'chifukwa chiyani nkhani yopepuka timaikamba m'chinenero chathu, koma yolemera timaibisa m'cha eni? Tisaloze a ku Joni okha. Kuno munthu akafuna kukukana sanena kuti iyayi. Amati "vamos ver", kutanthauza "tiona", iwe n'kumadikira mpaka mbatatesi kumera m'thumba.

Lolemba rede inabwera, ndipo Fernando anayankha.

"Atsibweni, abwana andimana tchuthi. Ndimati tidikire Dezembro."

Rozinya anandilanda foni. "Ukadzabwera udzandifunsirenso, koma m'Chichewa."

Tidikire. Mawu amodzi, omveka ngakhale kwa mwana wakhanda. Anali atabisala kuti Loweruka lija?